Mpope ndi Mtsuko: Za Kuchaja Lamya

Owerenga athu a kumudzi, ambiri a inu munadandaula m'caka ca 2024 kuti ana anu a ku Lusaka saali kuyankha lamya. Si kuti tauni inawameza ai. Cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo bungwe la ZESCO linali kugawa magetsi mosinthana. Makomboni monga Kanyama, Chawama ndi Mtendere anali kukhala mu mdima kwa maola ambiri tsiku lililonse.

Pa nthawi imeneyo anthu ambiri anagula kabokosi kosungira magetsi kochedwa power bank. Koma posacedwa anayamba kufunsa: n'cifukwa ciani kabokosika kamacedwa kudzaza lamya pamene chaja ya pakhoma imafulumira?

Taganizirani mai wotunga madzi. Akachera ndowa pa mpope, imadzaza msanga. Akamatunga mu mtsuko ndi cikho, amatenga nthawi, ndipo madzi ena amatayika. Chaja ya pakhoma ili ngati mpope: imalandira mavoti 230 ndi kuwatsitsa kufika pa 5. Batire ya m'kabokosi ili ndi mavoti 3.7 cabe, motero iyenera kuwakweza kufika pa 5, ndipo mphamvu ina imathera m'kutentha. N'cifukwa cake kabokosi kolembedwa 10,000mAh sikapereka zonsezo ku lamya yanu.

Komabe mlandu waukulu uli pa kukula kwa kamwa lotulutsira magetsi. Pambali pa kabokosi kapena pa chaja pali timalemba tating'ono. Pamene palembedwa 5V 1A pamatuluka mawati 5. Pamene palembedwa 5V 2A pamatuluka mawati 10. Machaja ena atsopano amafika 18 kapena 25, ngati lamyayo ivomera. Motero kabokosi kabwino kakhoza kuposa chaja yacabecabe. Nthambo yowonda kapena yoduka mkati imacedwetsa zonse ziwiri.

Tsono inu wogula, kaya ndi ku Soweto Market kaya ku Chipata, musakopeke ndi nambala yaikulu ya pacikuto. Werengani timalembato musanatulutse ndalama. Magetsi akabwera, yambani mwachaja lamya pakhoma, kabokosi kadikire usiku wa mdima. Pajatu lamya ndiyo imanyamula uthenga wa matenda, wa maliro, ndiponso ndalama za feteleza zopita kwa makolo kumudzi.