Intaneti Ikamaimaima pa Kompyuta

Kuno ku Madziabango ambirife tilibe rauta. Timangoyatsa hotspot pa foni, kompyuta n'kumakoka intaneti pomwepo. Mwezi watha mwana wanga ankadzaza fomu ya sukulu, koma tsamba linkangoimaima mpaka bandulo inatha fomu isanapite. Ine ndinathamangira kuloza chala netiweki, chonsecho vuto linali m'nyumba momwemo.

Musanagule bandulo ina, yesani kaye izi. Intaneti ikaima pa kompyuta, tsegulani tsamba lililonse pa foniyo. Likatseguka, netiweki ilibe mlandu, vuto lili pakati pa foni ndi kompyuta. Yathu inali pa tchaja, pansi pa pilo, itatentha ngati mbaula. Foni ikatentha chonchi imachepetsa yokha liwiro, ndipo mafoni ena amazimitsa hotspot pofuna kusunga batire. Ivuleni kava, muiike pafupi ndi windo koma pamthunzi. Ngati muli ndi chingwe cha USB, lumikizani ndi chimenecho. Sichidukizadukiza ngati Wi-Fi.

Onaninso amene alumikiza ku hotspot yanu. Ife tinapeza mafoni atatu, imodzi ya mnyamata wa aneba amene ankaonera mpira. Sitinakangane, tinangosintha pasiwedi.

Nayo kompyuta imadya bandulo mwakachetechete ikamatsitsa maapudeti. Pa Windows, yatsani Metered connection pa netiweki ya foniyo.

Koma mukaona pamwamba pa foni 4G ikusanduka 3G kapena E, pamenepo ndi netiweki ndithu. Madzulo anthu amachuluka pa intaneti. Fomu ija tinaitumiza 5 koloko m'mawa, titakhala pakhonde, ndipo inapita kamodzi n'kamodzi.