Capital Hill isamaonedwe pa tsiku la zionetsero lokha

Kumbuyo kwa ndalama ya K200 kuli chithunzi cha Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe. Pepala limeneli limadutsa tsiku ndi tsiku m'manja mwa amayi ogulitsa tomato mumsika wa Kawale, anyamata a kabaza a ku Chinsapo ndi makondakitala a minibasi za ku Area 25. Koma mutawafunsa anthu omwewa kuti ndi angati anaimapo pakhomo pa nyumbayo, kapena kufika pa chiliza cha Kamuzu chimene chili pambali pake, kapena kukwera nsanja ya chikumbutso cha asilikali ku Area 18, manja okwezedwa angakhale owerengeka. Munthu wa ku Mgona kapena ku Area 23 amapita ku Capital Hill pa zifukwa ziwiri: kukalondola mapepala a penshoni ya malemu bambo ake, kapena kukapereka chikalata cha madandaulo pa tsiku la zionetsero. Ulendo woyamba umathera pabenchi ndi mawu akuti mubwerenso mawa, wachiwiri nthawi zina umathera mu utsi wokhetsa misozi. Ulendo umene ukusowa ndi wongopita kukaona ndi kuphunzira, ana ali kumanja. Ine ndikuti boma, khonsolo ya mzinda ndi sukulu achite kuukonza dala ulendo umenewu, chifukwa mtunda umene ulipo pakati pa malokeshoni ndi likulu nawonso unachita kukonzedwa dala.

Mbiri ya mzindawu ikuchitira umboni. Lilongwe anayamba ngati boma laling'ono la atsamunda m'mbali mwa mtsinje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo pa kalembera wa 1966 munali anthu osakwana 20,000. Dr Hastings Kamuzu Banda atafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, dziko la Britain silinafune kuikapo ndalama, ndipo ngongole ya ma rand 8 miliyoni inachokera ku boma la tsankho la South Africa. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, mapulani anajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa komweko, midzi imene inali pamalopo inasamutsidwa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Mapulaniwo anamwaza mzinda: malonda ku Old Town, maofesi ku City Centre ndi Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, ndipo pakati pake nkhalango, madambo ndi misewu italiitali yoganizira munthu wa galimoto. Kumayadi, monga Area 10, 12 ndi 43, kunaikidwa kufupi ndi maofesi. Munthu wamba anapatsidwa poloti ku Kawale, Biwi, Chilinde kapena Area 25 kuti amange yekha, ndipo amene anasowa poloti anakadzaza Chinsapo ndi Mgona, komwe mapulani sanafike. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu 989,318, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala m'madera amenewa. Likulu linamangidwa ndi manja awo, koma linawafulatira kuyambira pachiyambi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamalo amene anthuwa sapondapo pali mbiri yochuluka, younjikana pamtunda woti gulu la ana asukulu likhoza kuumaliza tsiku limodzi. Nyumba ya Malamulo yokha ikufotokoza momwe ndale zathu zayendera. Aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba ngakhale likulu litasamuka, kenaka m'nthawi ya Bakili Muluzi anasamukira m'nyumba yachifumu yatsopano imene Kamuzu anamanga, Bingu wa Mutharika anawatulutsamo pofuna kukhalamo yekha, ndipo aphunguwo anadzapeza pawo mu 2010, m'nyumba yomangidwa ndi dziko la China. Pambali pake pali chiliza cha Kamuzu, amene anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997, ndipo chilizacho chinatsegulidwa pa 14 May 2006, nsanamira zake zikukumbutsa ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kutsogoloko, kufupi ndi Area 18, kuli nsanja yokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ndi chiboliboli cha Kamuzu chimene chinaimikidwa mu 2009. Mwana woima pamenepo angauzidwe za nkhondo imene agogo ankaitchula kuti ya Chiwaya, za amuna pafupifupi 200,000 amene anagwidwa kukhala amtengatenga, za kudandaula kwa John Chilembwe mu 1914 kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni, ndi za asilikali a King's African Rifles amene anafika mpaka ku Burma. Pobwerera ku Old Town pali nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, momwe muli malo osamalira nyama zakutchire.

Wina anena kuti zimenezi ndi za anthu okhuta. Banja la ku Mgona limene likusakasaka ya ndiwo silingaganize za chiliza, ndipo munthu wa ku Chinsapo ayenera kukwera minibasi ziwiri, ina yofika kudepoti ndi ina ya ku City Centre, kupita ndi kubwera. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ndi chifukwa chake mtengo wa ulendowu suyenera kugwera banjalo. Koma kunena kuti wosauka alibe nazo ntchito n'kulakwa. Ndalama ya feteleza wotsika mtengo, ya mankhwala a ku Bwaila ndi pachipatala cha Kawale, ya mabuku ndi madesiki, imavomerezedwa m'Nyumba ya Malamulo n'kugawidwa ku Capital Hill. Chinyengo cha Cashgate, chimene chinaululika mu 2013, chinachitikira m'maofesi omwewo, ndipo mabiliyoni amene anasowa anali misonkho imene mayi wa ku Biwi amalipira pogula sopo, shuga ndi mayunitsi a foni. Munthu amene anakhalapo pamipando ya alendo m'Nyumba ya Malamulo, n'kuona ndi maso phungu wake akuyankhula kapena mpando wake uli wopanda munthu, amavota mosiyana ndi amene amangomvera pawailesi. Mwana amene analowapo pageti la unduna amakula akudziwa kuti m'katimo mumagwira ntchito anthu ngati iye, olembedwa ntchito ndi mtundu, oyenera kufunsidwa mafunso. Osauka ndi amene akufunika chidziwitso chimenechi kuposa wina aliyense, pakuti a kumayadi ali kale ndi manambala a foni a mabwana.

Wina anenanso kuti palibe amene analetsa munthu. Pa chiliza alendo amaloledwa, pansanja paja anthu amafika, sukulu zina zimapita kukaona aphungu akukambirana, ndipo akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Koma manyazi amenewa anthu sanabadwe nawo. Kwa zaka pafupifupi 30 za chipani chimodzi, kuyandikira nyumba za boma popanda chifukwa kunali kudziputira mavuto, ndipo makolo anaphunzitsa ana awo kudutsa mofulumira osacheuka. Lero malamulo anasintha, koma geti, mlonda ndi funso lakuti mukufuna kuonana ndi ndani zikadalipo. Sukulu zimene zimakwanitsa kubwereka basi kawirikawiri ndi zolipira. Sukulu ya boma ya ku Chinsapo, kumene mphunzitsi mmodzi amayang'anira khamu la ana, ilibe thumba la maulendo. Chitseko chimene n'chotsegula papepala koma palibe amene anauzidwa tsiku, ola, mtengo ndi kavalidwe kake, kwa munthu wamba n'chotseka. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma ufulu wopempha chikalata uli ndi phindu lochepa kwa munthu amene sadziwa ngakhale khomo lokapemphera.

Nkhani ya chitetezo nayo imatchulidwa, makamaka pokumbukira zionetsero za pa 20 July 2011 ndi za 2019, pamene katundu anawonongeka mumzindawu. Palibe akunena kuti anthu azilowa mu ofesi ya nduna mwachisawawa. Ku Pretoria, nyumba za Union Buildings ndi kumene kuli ofesi ya mtsogoleri wa dziko la South Africa, koma minda ya kutsogolo kwake ndi yotsegukira aliyense, ndipo mabanja amakajambulitsa pa chiboliboli cha Nelson Mandela chimene chinaimikidwa mu December 2013. Pamalo omwewo ndi pamene amayi pafupifupi 20,000 anaguba pa 9 August 1956 kukana malamulo a mapasi, ndipo lero mbiri ya kuguba kumeneko ndi mbali ya zimene mlendo amauzidwa. Alonda amasiyanitsa maofesi ndi mabwalo, ndipo ife sitingalephere kuchita chimodzimodzi Loweruka limodzi pamwezi. Ndiponso zionetsero zomwezo zikutiphunzitsa kanthu. Mnyamata amene malo sanawaonepo ngati ake samva chisoni kuwagenda. Amene anakhalapo pakapinga wake, n'kudya chimanga chootcha ndi anzake a m'kalasi, amaganiza kawiri asanatole mwala.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi chakuti malo amenewa akutamanda munthu mmodzi. Chiliza ndi cha Kamuzu, chiboliboli ndi cha Kamuzu, msewu waukulu, chipatala chachikulu, bwalo la ndege ndi nyumba yachifumu zonse zili ndi dzina lake. Kodi kutengerako ana sikuwaphunzitsa mbiri ya mbali imodzi? Ngozi imeneyi ilipodi ngati wowaperekeza angolakatula zotamanda. Koma mankhwala ake ndi kufotokoza zonse, osati kubisa malowo. Mwana auzidwe kuti Kamuzu anatsogolera dziko ku ufulu mu 1964, anamanga likulu, misewu ndi yunivesite. Auzidwenso za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu May 1983, za Orton Chirwa amene anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, za Rose Chibambo amene anathawira kunja pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, za Chakufwa Chihana amene anamangidwa atangotsika ndege ku Lumbadzi mu April 1992, ndi za riferendamu ya pa 14 June 1993 imene inathetsa chipani chimodzi. Ngodya ya kumvera ikhoza kuyambitsa mtsutso wabwino pakati pa ana a sekondale: kumvera ndani, mpaka pati? Mtsutso wotere uli ndi phindu pamene akuuchita ataima pamanda a mwini wake wa mawuwo. Vuto lenileni n'lakuti likulu la dziko lilibe nyumba yosungira mbiri yofanana ndi ya ku Chichiri ku Blantyre kapena ya ku Karonga, momwe mbali zonsezi zikanaikidwa pamodzi.

Ndipo mbiri isathere kumtunda kokha. Ku Lusaka, kanyumba ka nambala 394 ku Chilenje, komwe Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, ndi chipilala cha dziko, pakati pa nyumba za anthu wamba. Ku Soweto alendo amadzaza msewu wa Vilakazi, ndipo eni dera amapeza ndalama powaperekeza ndi kuwagulitsa zakudya. Malokeshoni a Lilongwe nawo ali ndi zawo zosimba. Kamuzu Institute, kufupi ndi Kawale, ikukumbutsa nthawi ya apayoniya, amene asilikali anawalanda zida mu December 1993 pa Operation Bwezani. Mishoni ya Likuni, kupitirira Chinsapo, ndi yakale kuposa likulu lenilenilo. Mlatho wa pamtsinje wa Lilongwe, msika waukulu ndi chipatala cha Bwaila, chomwe akuluakulu amachitchabe Bottom, zikufotokoza za tauni ya atsamunda imene inkasiyanitsa anthu potengera khungu. M'maderamu mukadali agogo amene anaumba njerwa za Capital Hill, amene anavina pamisonkhano ya Ngwazi, ndi amene anasamutsidwa m'midzi yawo kuti likulu limangidwe. Anthu amenewa akutha chaka ndi chaka, ndipo palibe akulemba zimene akudziwa.

Zofunika kuchita si zodula. Nyumba ya Malamulo ilengeze m'Chichewa, pawailesi ndi m'matchalitchi ndi m'mizikiti, masiku ndi njira yoti munthu wamba akaonere zokambirana. Nthambi yoona za zipilala ndi zinthu zakale iike zikwangwani za Chichewa pa chiliza ndi pansanja, zofotokoza zabwino ndi zowawa zomwe. Achinyamata a ku Area 23 ndi Mgona amene anamaliza Fomu 4 n'kusowa chochita aphunzitsidwe kuperekeza alendo. Unduna wa zamaphunziro uonetsetse kuti mwana aliyense wa Sitandade 7 m'sukulu za boma za mumzindawu wayenda ulendo umenewu kamodzi asanalembe mayeso, ndipo mabasi a boma amene amanyamula anthu kupita ku misonkhano akhoza kunyamulanso ana. Aphungu ndi makhansala a mumzinda wa Lilongwe ndiwo ayenera kuyamba, pakuti anthu amene anawavotera ndi amene ali pafupi kwambiri ndi likulu mwa Amalawi onse. Phungu amene amakwanitsa kubweretsa malole a anthu pa nthawi ya kampeni sangalephere kubweretsa kalasi imodzi pa teremu kudzamuona akugwira ntchito. Akakana, makomiti a makolo ndi aphunzitsi amufunse chimene akuopa kuti anawo akaona.