Nkhupakupa ya m'khola la mnzanu ndi yanunso

Kholo lanzanga, ng'ombe yamkaka ikafa pakhomo, woyamba kuvutika ndi mwana: phala lopanda mkaka, fizi yosowa kochokera. Nthawi zambiri wakupha ng'ombeyo ndi kachilombo kochepa ngati njere ya mapira, nkhupakupa.

Nkhupakupa yofiirira, yokonda kubisala m'makutu, ndiyo imafalitsa East Coast fever, matenda omwe alimi ambiri amawatcha chigodola. Ng'ombe imatupa anabele m'munsi mwa makutu, imatentha thupi, imabanika, ndipo ikapanda thandizo imatha kufa pasanathe mwezi. Ana a ng'ombe ndi ng'ombe za chizungu ndiwo amapita msanga, makamaka m'dzinja pamene udzu watalika.

Kale boma linkasambitsa ng'ombe kudibi mokakamiza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ntchito yambiri inasiyidwa m'manja mwa alimi, ndipo madibi ambiri anauma. Lero aliyense amapopera yekha, wina sabata ino, wina akagulitsa fodya. Koma ng'ombe za ku Mitundu kapena ku Nathenje zimadyera dambo limodzi. Inu mukapopera, mnzanu osapopera, nkhupakupa zimabwerera mawa lomwe. Ena amachulukitsa madzi kuti botolo likhalitse, ndipo potero amangozoloweretsa nkhupakupa mankhwala mpaka kuleka kufa.

Chodabwitsa n'chakuti katemera wa matendawa amapangidwa konkuno ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, ndipo amatumizidwa mpaka kumayiko ena. Mwana wa ng'ombe akabayidwa kamodzi amatetezeka moyo wake wonse. Ku Bunda, pafupi ndi Mitundu, LUANAR ikuphunzitsa madokotala a ziweto. Nanga bwanji mlimi wa ku Likuni azitaya ng'ombe, katemera ali pakhomo pake?

Maganizo anga ndi awa: nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto ikonze madibi, ichulukitse alangizi, ndipo ifikitse katemerayu kumudzi mvula isanayambe. Katemerayu amasungidwa m'chisanu choopsa ndipo amabayidwa ndi munthu wophunzitsidwa, choncho mlimi payekha sangathe. Koma nanunso musadikire. Pitani kwa amfumu, mugwirizane tsiku limodzi losambitsa ng'ombe za mudzi wonse, musonkherane ya mankhwala, muitane mlangizi adzayeze mlingo.

Inu odzipereka pa zaumoyo, nkhaniyi ndi yanunso. Mankhwala a dibi ndi poizoni. Poyendera makomo, onetsetsani kuti sakusungidwa m'botolo la zakumwa kapena pafupi ndi ufa. Letsani makolo kupaka mankhwalawa m'mutu mwa mwana pofuna kupha nsabwe, komanso kutuma ana kukapopera. Zotsukira mpope zisatayidwe kufupi ndi chitsime. Mwana akamwa, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo.

Mvula ili pafupi. Madzulo ano, pindani khutu la ng'ombe yanu muone zomwe zili m'katimo, kenaka mukagogode kwa mnzanu.