Mayeso akulu amayambira pa mphasa

Makolo okondedwa a ku Benga, ku Moatize ndi ku Zóbuè, tsamba ili ndi lanu. Liwerengeni pamodzi ndi mwana wanu. Ngati maso akukuvutani, mkulu wake akuwerengereni mokweza.

Funso la makolo

Ana athu a kalasi yoyamba akuphunzira kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja. Makolo ena sakondwa nazo. Iwo amati: "Aphunzitsi, Cinyanja mwana amacidziwa kale kunyumba. Mayeso a kutsogolo salembedwa m'Cinyanja. Nchito zabwino zimafuna Cingelezi. Bwanji osamuyambitsa lero lomwe?"

Funso limeneli ndi lomveka. Cigawo cathu ca Tete cacita malire ndi maiko atatu: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Onse atatu amagwiritsa nchito Cingelezi m'maofesi ndi m'masukulu. Mu 1995 dziko lathu la Moçambique linalowa m'bungwe la Commonwealth, mmene muli maiko ambiri olankhula Cingelezi. Munthu wa ku Zóbuè akadutsa malire kupita ku Mwanza, amapeza zikwangwani za Cingelezi. Mgodi waukulu wa malasha wa ku Moatize unayamba nchito mu 2011, ndipo wa ku Benga unatsegulidwa mu 2012. Makampani akunja anabwera ndi makina ndi mapepala olembedwa m'Cingelezi.

Mayesonso alipodi. Wofuna kulowa ku Universidade Eduardo Mondlane, ku Instituto Superior Politécnico de Tete, kapena ku sukulu ya aphunzitsi, amalemba mayeso a mpikisano. Olemba amaculuka, malo amacepa. Amatenga okhawo amene akhoza bwino koposa anzao. Wofuna kudzakhala mphunzitsi wa Cingelezi amayesedwa Cingelezi. Wofunsira nchito amafunsidwa za dziko lake ndi za dziko lapansi.

Conco ndivomerezana nanu kuti mwana ayenera kukonzekera msanga. Koma kukonzekera kwake nkotani? Ganizo langa ndi ili: mwana wa zaka 6 amakonzekera mayeso amenewo pophunzira kuwerenga momva, ndi pozolowera kufunsa mafunso. Zimenezi amaziphunzira bwino m'ciyankhulo cimene amacimva.

Kuloweza si kudziwa

Pali timabuku ndi timapepala ta mafunso ndi mayankho timene anyamata ndi atsikana amaloweza mayeso akayandikira. Timathandiza munthu amene waphunzira kale, kuti akumbukire. Koma kwa munthu amene sanamve cimene anaphunzira, timabukuti tili ngati denga loikidwa pa nyumba yopanda nsanamira.

Taonani citsanzo. Mnyamata waloweza kuti likulu la Moçambique ndi Maputo. Pa mayeso funso labwera mwina: "Mwa mizinda iyi, ndi uti umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi? Maputo, Beira, Tete, Nampula." Mnyamata uja waona dzina limene analoweza, ndipo wasankha Maputo. Walakwa. Mnzake amene anaoloka mlatho ali wamng'ono, nafunsa amayi ake dzina la mtsinjewo, wasankha Tete mosavutika.

Olemba mayeso amadziwa kuti ena amangoloweza. Nchifukwa cake amatembenuza mafunso. Wopambana ndi amene amawerenga funso lonse, nalimva, naganiza asanayankhe. Luso limeneli siligulidwa pa msika sabata ya mayeso. Limakula pang'onopang'ono, kuyambira m'kalasi yoyamba.

Galamala imayambira pakamwa pa mwana

Galamala ndi malamulo a kamangidwe ka mau. Mwana wanu ali nayo kale, ngakhale sadziwa dzina lake. Iye sanena kuti "mawa ndinayenda". Amati: dzulo ndinayenda, lero ndikuyenda, mawa ndidzayenda. Kusukulu timamuonetsa kuti kaphatikizo ka -na- kamaloza zapita, ndipo ka -dza- kamaloza zam'tsogolo. Amaziona ndi maso pa bolodi, nazilemba yekha.

Tsiku limene adzayambe Cingelezi, mphunzitsi adzamuuza kuti "ndinayenda" ndi I walked, ndipo "ndidzayenda" ndi I will walk. Mwanayo sadzacita mantha. Adzati: "Ooo, kwathu -na-, kwao -ed, kwathu -dza-, kwao will." Nkhani ya nthawi anaidziwa kale. Cacilendo ndi mau okha.

Citsanzo cina ndi ca cimodzi ndi zambiri. Ife timasintha kumayambiriro kwa liu: mwana, ana, mtengo, mitengo, cingwe, zingwe. Cipwitikizi cimasintha kumapeto: livro, livros. Cingelezi cimacitanso cimodzimodzi: book, books. Mwana amene anaona bwino kusintha kwa m'Cinyanja amangofunsa kuti: "M'ciyankhulo ici, kusintha kuli mbali iti?"

Palinso malo amene tidzapunthwa. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe. Cingelezi cimati he kwa mwamuna, she kwa mkazi. Wodziwa kayendedwe ka ciyankhulo cake amaona msanga pamene cacilendo casiyana naco, ndipo amasamala pamenepo.

Njira imeneyi si yatsopano kuno. Kuyambira mu 1993 mpaka mu 1997, m'masukulu ena a ku Tete ndi a ku Gaza munayesedwa nchito yochedwa PEBIMO. Ana a ku Tete anayamba ndi Cinyanja, a ku Gaza ndi Cichangana, kenaka analowa m'Cipwitikizi. Amene anayendera makalasiwo anapeza kuti ana anali kuyankha ndi kufunsa momasuka. Kuyambira mu 2003 njirayi inafalikira ku zigawo zina za dziko lathu. Cipwitikizi sicitayidwa. Mwana amayamba kucimva ndi kuciyankhula, kenaka amacilemba. Cingelezi cimabwera m'makalasi a kutsogolo, ndipo cimapeza maziko ali kale.

Za dziko zimayambira pakhomo

Anthu ena amaganiza kuti kudziwa za dziko ndi kuloweza maina a mizinda yakutali. Koma kwathu kuno kuli mafunso ambiri a mayeso, ndipo mwana amawaona tsiku ndi tsiku.

Mtsinje wa Revúbuè umathira m'Zambezi pafupi ndi Benga. Nanga Zambezi amathira kuti? Amathira m'nyanja yamcere ya Índico. Mlatho wa Kassuende, umene umaoloka Zambezi kufika ku Benga, unatsegulidwa mu 2014. Damu la Cahora Bassa, la ku Songo, linatha kumangidwa mu 1974, ndipo limapanga magetsi ndi mphamvu ya madzi. Sitima ya malasha yocoka ku Moatize ili ndi njira ziwiri: ina imapita ku doko la Beira, ina imadutsa m'Malawi kupita ku Nacala. Pa 25 Juni timakumbukira ufulu umene tinalandira mu 1975. Pa 4 Okutobala timakumbukira mtendere umene unasainidwa ku Roma mu 1992.

Mwana akafunsa kuti "Sitima ija ikupita kuti?", musamukalipire kuti akusokosa. Muyankheni. Ngati yankho mulibe, muuzeni kuti: "Mawa ukafunse aphunzitsi, udzandiuzenso ine." Paja akulu anati safunsa anadya phula. Mwana wokalipiridwa pofunsa amaleka kufunsa. Akaleka kufunsa, amayamba kungoloweza.

Nanga ife osadziwa kuwerenga?

Ena mudzati: "Kunyumba kwathu kulibe mabuku, ndipo ife sitinapite kusukulu." Musadzicepetse. Nchito yanu ndi yaikulu, ndipo siifuna ndalama.

Coyamba, madzulo mukatha kudya, khalani pa mphasa. Mwana akuwerengereni tsamba limodzi la buku lake. Mufunseni: "Nkhaniyi ikuti ciani? Ndani anacita zimenezi? Cifukwa ciani?" Mafunso amenewa ndi omwewo amene adzawapeze pa mayeso akulu.

Caciwiri, muuzeni nthano ndi zilapi. Akatha kumva nthano, aibwereze yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wodziwa kulongosola nthano adzadziwa kulongosola cimangirizo.

Cacitatu, muphunzitseni maina a mitengo, a mbalame, a miyezi, a midzi ya acibale. Awerenge mbuzi zikamalowa m'khola. Awerenge cenji mukamutuma ku msika. A ku Zóbuè, muonetseni metikali ndi kwacha, adziwe kuti dziko lililonse lili ndi ndalama yake.

Cacinai, ngati m'banja muli wodziwa Cingelezi, athandize mwamasewera. Ambiri mwa agogo ndi amalume athu anakhala ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo ena anaphunzira kumeneko. Amuphunzitse moni ndi kuwerenga kuyambira 1 mpaka 10. Zimenezo nzabwino. Koma asamukwapule akaiwala, ndipo asamuuze kuti Cinyanja kapena Cinyungwe ndi ciyankhulo ca anthu osaphunzira. Mwana wocita manyazi ndi mau ake amatseka pakamwa m'ziyankhulo zonse.

Cacisanu, mwana asajombe. Tsiku limene wasiyidwa kuti alere khanda kapena aingitse mbalame ku munda, anzake aphunzira lemba latsopano. Izi ndi za mtsikana ndi mnyamata yemwe. Pa tsiku la mayeso, pepala ndi limodzi kwa onse.

Kuongola mtengo mpoyamba. Kucokera m'kalasi yoyamba kufika m'kalasi 12 ndi ulendo wa zaka zambiri. Ife aphunzitsi tidzacita mbali yathu m'kalasi. Inu citani yanu pa mphasa.

Kwa inu ana

Ana inu, mverani. Tsiku lina mudzakula. Mudzalemba mayeso akulu. Mudzayankhula Cipwitikizi. Mudzayankhula Cingelezi. Lero yambani ndi a, e, i, o, u. Werengani tsiku lililonse. Funsani mafunso. Musaope.

Yankhani pamodzi ndi makolo:

1. Kodi mtsinje wa kufupi ndi kwanu dzina lake ndani?
2. Chulani maiko atatu amene acita malire ndi Tete.
3. Malizitsani: Dzulo ndinadya. Mawa ndi......
4. Mtengo umodzi. Nanga ikakhala yambiri timati ciani?
5. Funsani agogo funso limodzi. Mawa mudzatiuze yankho lake m'kalasi.