Tibwezereni Izeki ndi Jakobo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kwa akuluakulu a wailesi za kanema. Sewero la nthabwala likasowa otsatsa malonda mumalitaya, ati oonera ngochepa. Kodi mumawerenga ndani? Kuno kwa Mwambo timaunjikana mudzi wonse pa kanema mmodzi wa sola, asodzi a ku Kachulu omwe, kungoti sitikuimbirani lamya.

Izeki, bambo John Nyanga, adatisiya mu 2016, ndipo Jakobo, bambo Eric Mabedi, mu 2021. Ankadzudzula uchidakwa ndi chiwerewere, wodzudzulidwayo nkumaseka nawo. Abusa ndi ansembe andichitire umboni. Adzukulu anga sawadziwa nkomwe.

Matepi awo ali kuti? Aonetseni madzulo titangodya nsima, batire lisanathe.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mwambo, Zomba.