Bambo akachoka, ana sasiya kudya

Ndati ndiyankhulepo za amayi amene akulera okha ana m'tauni muno. Bambo akasamukira kwa mkazi wina, mayi amadzuka tambala woyamba kukazinga mandasi, n'kuthamangira kumsika wa Limbe. Mwana wachisamba amajomba kusukulu kuti alere azing'ono ake. Pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994, inde, koma lendi ndi ufa n'zaulere?

Chimene chimandinyansa ine ndi achibale omuuza mayiyu kuti apirire, asachititse manyazi mwamuna. Manyazi ake ati? Lamulo losamalira ana la 2010 limamulola kukasuma kukhoti kuti bambo azipereka chithandizo. Inu ankhoswe, nkhuku ija munadya pachinkhoswe. Nanga bwanji osamuperekeza kwa majisitireti?