Zithunzi za nkhondo yongoyerekeza zilembedwe chaka chake

Bambo Mkonzi,

 Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, ndipo ndinagwira choko zaka 34 m'sukulu za pulayimale za kumudzi. Nkhani yandidzutsa ndi ya zithunzi zimene zikuyenda m'mafoni a ana athu masiku ano, zooneka ngati zakalekale chonsecho zinajambulidwa dzulodzuloli.

Pa tchuthi chapitachi mdzukulu wanga wa Fomu 3, amene amakonda phunziro la mbiri yakale, anandithamangira ndi foni m'manja. Anati: "Agogo, taonani chithunzi chenicheni cha nkhondo ya ku Gettysburg, chaka cha 1863." Anachipeza pa Facebook. Chinali chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, m'mbali mwake modyekadyeka, asilikali akuthamanga ndi mfuti, utsi uli tolotolo. Nditavala magalasi n'kuchiyang'anitsitsa, ndinaona kuti msilikali wina wavala wotchi yapamkono, ndipo wina ndi bambo wa imvi wa mimba yake yabwinobwino, wosaoneka kuti anagonapo ndi njala. Ndinamuuza mwanayo kuti: "Iwe, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Awa ndi anthu a masiku ano, akuchita sewero."

Ndiloleni ndifotokoze kwa owerenga anzanga kumene zinthuzi zimachokera. Ku America kunali nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1861 mpaka 1865, pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera, ndipo gwero lake lalikulu linali ukapolo. Anthu oposa 600,000 anafa. Nkhondo ya ku Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania, inamenyedwa masiku atatu, pa 1 mpaka pa 3 Julaye 1863, ndipo ophedwa, ovulala, ogwidwa ndi osowa onse pamodzi anali pafupifupi 50,000. Masiku ano kumeneko kuli magulu a anthu amene amasoka yunifolomu ngati za nthawi imeneyo, za buluu ndi zotuwa, namanga matenti, nawombera onga wopanda zipolopolo, kuyerekeza nkhondo ija pamaso pa anthu oonerera. Ojambula zithunzi amakhamukirako, ndipo ambiri amafuna kuti zithunzi zawo zioneke ngati za m'ma 1860.

Ojambulawa ali pawiri. Ena ndi amisiri enieni amene anatsitsimutsa njira yakale imene Mngelezi wina, Frederick Scott Archer, anaitulukira mu 1851. Amatenga galasi kapena kachitsulo kopyapyala kopakidwa zakuda, nathirapo mankhwala omata otchedwa collodion, naviika m'madzi a siliva, nalowetsa m'kamera yaikulu yamatabwa kakadali konyowa. Chithunzicho chimayenera kutsukidwa pasanathe mphindi 15, mankhwala asanaume, n'chifukwa chake wojambula amayenda ndi kachipinda kake kamdima. Ena ndi ongodina batani pa foni kapena pa kompyuta, chithunzi cha lero n'kusanduka chofiirira, chokalikakalika, pa kamphindi kamodzi.

Apa pali mfundo imene mwana aliyense wa sukulu ayenera kuidziwa. Kamera ya nthawi imeneyo inkafuna kuti munthu aime duu kwa masekondi angapo. Akangosuntha, amaoneka ngati chifunga. M'nyumba zojambulira munkakhala ngakhale kachitsulo kogwiriziza mutu kumbuyo kuti munthu asagwedezeke. Choncho ojambula otchuka a nkhondo ija, monga Mathew Brady, Alexander Gardner ndi Timothy O'Sullivan, anatisiyira zithunzi za misasa, za asilikali ataima chilili, za nyumba zogumuka, ndi za mitembo nkhondo itatha. Mukaona chithunzi cha asilikali akuthamanga, mwendo uli m'mwamba, nkhope ikuoneka mbee, wina n'kumati ndi cha 1863, dziwani kuti wakunamizani masanasana.

Sindikunena kuti ochita masewerowa ndi anthu oipa, ayi. Ine ndinaphunzitsapo ndipo ndikudziwa kuti mwana amagwira msanga chimene waona ndi maso kuposa chimene wamva pa bolodi. Nafenso tinkachititsa ana timasewero ta John Chilembwe, ndi mfuti za mapesi ndi zipewa za makatoni, ndipo ena mwa ana aja, amene lero ndi makolo, amakumbukirabe kuti kuukira kuja kunayamba pa 23 Januwale 1915. Ngakhale ku Gettysburg komweko, mu 1913 patatha zaka 50, asilikali akale a mbali zonse ziwiri anasonkhana, nkhalamba zina zinayendanso m'munda momwe zinamenyana, n'kukagwirana chanza ndi adani awo akale. Mmisiri wa galasi ndi siliva uja nayenso ndimamuvulira chipewa, chifukwa akusunga luso limene likanafa. Vuto langa lili pa chinthu chimodzi: chithunzi chikachoka m'manja mwa mwini wake, chimayenda chokha, chopanda dzina, chopanda chaka, ndipo wachitatu kapena wachinayi kuchilandira amachibatiza kuti ndi mbiri yeniyeni.

Wina anganene kuti akalewo nawonso ankachita zachinyengo. N'zoona. Chithunzi china chotchuka cha ku Gettysburg, cha gulu la Gardner, chimaonetsa mnyamata wa kummwera atafa kuseri kwa mpanda wa miyala, mfuti itatsamira pambali pake. Patapita zaka pafupifupi 100, ofufuza anaona kuti mtembo womwewo ukupezekanso pa zithunzi zina uli pamalo ena, kutanthauza kuti ojambulawo anaunyamula kuti chithunzi chikome. William Frassanito anafotokoza bwino zimenezi mu 1975. Koma taganizani, abale anga: ngati bodza limodzi lokha linatenga zaka zonsezo kuti liululike, nanga mabodza zikwizikwi amene mafoni akubala tsiku ndi tsiku adzawaulula ndani? Komanso mnyamata wa pa chithunzi cha Gardner anafadi, anali mwana wa munthu. Wa m'sewero uja likhweru likalira amadzuka, nasasa fumbi, napita kukadya.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Malemu bambo anga anali msilikali wa King's African Rifles ndipo anakamenya nkhondo ku Burma m'zaka za 1944 ndi 1945. Tili ndi chithunzi chawo chimodzi chokha, chaching'ono ngati chikhatho, chimene chimakhala m'Baibulo la malemu mayi. Pa chithunzipo saoneka ngwazi ya m'kanema. Ndi mnyamata woonda, wa maso otopa. Nkhani za kunkhondo sankazikamba kawirikawiri, ndipo akakamba inali ya mvula, matope, malungo ndi anzawo amene sanabwerere. Zithunzi zokongoletsedwa zija zimaphunzitsa ana kuti nkhondo ndi chionetsero cha mbendera ndi malipenga. Mwana wokula ndi maganizo otere savuta kumunyenga tsiku limene wina adzafune anyamata oti akamufere.

Mwina ena mukuti za ku America zikutikhudza bwanji kuno. Mdzukulu wanga yemweyo ndiye anandiyankha. Anatenga chithunzi chimene anajambula pa mganda wa m'mudzi mwathu muno, anyamata atavala makabudula oyera ndi masokosi aatali, ali pa mzere ngati asilikali. Anadina kamodzi, chithunzi chija n'kukalamba pamaso panga. Tonse tikudziwa kuti mganda, malipenga ndi beni ndi magule amene anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Tsono wina atalemba pansi pake kuti awa ndi asilikali a pa nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 Sepitembala 1914, ndi angati angatsutse? Ife zithunzi zathu zenizeni zakale n'zowerengeka. Za Chilembwe ndi banja lake ndi tchalitchi chake cha ku Mbombwe n'zochepa zedi. Madzi a m'chitsime chaching'ono sachedwa kuvunduka.

Pempho langa lili patatu. Choyamba, kwa ojambula, akunja ndi akuno omwe: jambulani mmene mungafunire, kalambitsani chithunzi mmene mungathere, koma lembani pa chithunzi penipenipo chaka, malo, ndi mawu oti ndi sewero, kuti kulikonse chingapite chipite ndi umboni wake. Chachiwiri, kwa inu a nyuzipepala: musasindikize chithunzi chakale musanadziwe amene anachijambula ndi kumene chimasungidwa. Chachitatu, kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali m'kalasi: phunzitsani ana kufunsa chithunzi mafunso monga momwe amafunsira mlendo pakhomo. Wachokera kuti? Wakutuma ndani? Unabadwa liti? Ayang'ane nsapato, mawotchi, mawaya a magetsi ndi matupi a anthuwo. Phunziro limeneli silifuna ndalama ngakhale tambala imodzi.

Kwa makolo anzanga ndingoti, ngati muli ndi chithunzi chenicheni cha agogo, chaukwati kaya cha usilikali, tengani pensulo lero lomwe mulembe kumbuyo kwake dzina, mudzi ndi chaka, odziwa akadali moyo. Ine ndinatero ndi cha bambo anga madzulo a tsiku lomwe lija, mdzukulu wanga akuonerera.

Galu wamkota sakandira pachabe, Bambo Mkonzi. Ndayamba ndalekeza pomwepa.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dowa.